Flying Fifteen: Bwato la Mpikisano Lovuta Kugubuduza

Flying Fifteen ndi mtundu wa bwato laling'ono loyendera matanga limene anthu awiri amapikisanira. Analikonza ndi Uffa Fox, mmisiri wa ku Cowes ku England, m'chaka cha 1947. Kutalika kwake ndi mamita 6.1, koma dzina lake linachokera ku gawo limene limakhudza madzi, lomwe ndi mafiti 15.

Chinsinsi cha bwatoli chili kunsi kwake. Kumeneko anamangirirako chitsulo chotchedwa keel, cholemera makilogalamu pafupifupi 180, chomwe chimalowa m'madzi osakwana mita imodzi. Mphepo ikakankha matanga, bwato limapendekeka. Pamenepo chitsulocho chimakokera pansi ndipo bwato limadzuka. Chimaletsanso bwato kutsetserekera cham'mbali, motero limatha kulowera kumene mphepo ikuchokera, ngakhale kuti limatero mokhotakhota. Ife a m'dziko la mwera sitifunika kuuzidwa kufunika kwa zimenezi: sitima ya Vipya inagubuduzika ndi namondwe pa Nyanja ya Malawi mu Julaye 1946, anthu 145 n'kufa.

Mabwato ambiri okhala ndi chitsulo chotere amayenda molemedwa, ngati akulima madzi. Apa ndi pamene Fox anaonetsa luso. Thupi la bwato analipanga lopepuka ndi lophwatalala chakumbuyo, kotero kuti mphepo ikakula, makamaka akatambasula thanga lalikulu lakutsogolo lotchedwa spinnaker, bwato limanyamuka n'kumaseseleka pamwamba pa madzi. Chitsulocho n'chomasuka ndi mabawuti, ndipo Fox ankatha kusenzetsa thupi la bwato padenga la galimoto yake.

Oyendetsa sakhala mwaulesi ayi. Onse awiri amakoleka mapazi m'malamba ndi kutulutsira matupi kunja kuti bwato liime chilili, pakuti likapendekeka kwambiri liwiro limatha.

Mabwato oyamba anali amatabwa. A masiku ano ndi a fibreglass. Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth II, anali nalo lake lotchedwa Coweslip. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Perth, Australia, mu 1979, ndipo mu 2001 unafika ku Durban, South Africa.

Kuno kwathu, mpikisano wotchuka wa pa Nyanja ya Malawi wakhala ukugwiritsa ntchito mabwato a matupi awiri. Amenewo ndi othamanga koposa, koma alibe chitsulo chowadzutsa: mwera ukawagwetsa, oyendetsa amawadzutsa okha ndi chingwe ali m'madzi.