Foni ndi yaulere, nanga akulipira ndani?

Chipatala Cha Pa Foni chidayambira ku Balaka mu 2011 pansi pa bungwe la VillageReach. Lero munthu wa foni ya Airtel akaimba 54747 amalankhula ndi azaumoyo osalipira ngakhale tambala. Koma ulerewo uli ndi ousenza: mphindi za foni ndi za Airtel, malipiro a oyankha ankachokera kwa abwenzi akunja, kenaka Unduna wa Zaumoyo udatenga ntchitoyo. Akatswiri akamakamba za kayendetsedwe ka ndalama ka pulatifomu ya zaumoyo, funso lawo n'lomweli: akulipira ndani, ndipo akufunapo chiyani?

Chimene ambiri amafunapo ndi deta. Mlangizi wa zaumoyo ku Nayuchi akalemba m'kaundula mwana wodwala malungo, nambalayo imakafika ku ofesi ya zaumoyo ku Liwonde n'kulowa mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo. DHIS2 ndi yotseguka, safuna kugula laisensi. Komatu seva, magetsi, intaneti ndi wokonza zikawonongeka, zonsezo ndi ndalama. Mapulojekiti ambiri amafera pamenepa: thandizo likauma, matabuleti amangochita fumbi m'kabati. Dziko la America litaimitsa thandizo mu Januwale 2025, funso la wolipira lidasiya kukhala la m'misonkhano chabe.

Chovuta kwambiri ndi umwini. Buku la kuchipatala mayi amasunga yekha, amasankha womuonetsa. Koma mbiri ya munthu amene akumwa ma ARV ikalowa m'kompyuta, imakagona m'seva yomwe wodwalayo sadaionepo. Lamulo loteteza deta la 2024, lomwe MACRA imayang'anira, limaika zaumoyo pagulu la zinsinsi zofuna chisamaliro chapadera. Apa mpomwe pamabwera chilolezo, ndipo ine sinditcha chilolezo chidindo cha chala cha mayi wolankhula Chiyao pa fomu imene sadamumasulire. Ena amati tingochotsa mayina basi. M'mudzi wa nyumba zowerengeka, zaka ndi matenda n'zokwanira kuti anthu aloze khomo.

Palinso kulumikizana kwa mapulogalamu. Bungwe lililonse likabwera ndi pulogalamu yake, mlangizi mmodzi yemweyo amalemba mwana mmodzi kangapo. Pulogalamu ya iCHIS idadza kuti ntchito za alangizi zikhale malo amodzi. Ndingaiyese ndi chinthu chimodzi: kodi deta ikakwera ku Lilongwe, imatsikanso kuti namwino wa ku Ntaja adziwe kuti mankhwala a malungo a LA atsala a masabata angati?