Mbiri ya Mafuta Ochiza Ziwengo ndi Zovuta Zimene Anadza Nazo

Nthenda ya pakhungu imene madokotala amaitcha eczema, ndipo anthu ambiri kuno kwathu amangoti ziwengo, si yachilendo m'dera la Mfumu Santhe, kumwera kwa boma la Kasungu. Khungu limauma, limayabwa usana ndi usiku, ndipo munthu akamakanda limang'ambika n'kuyamba kuchucha madzi. Makanda imawagwira m'masaya, ana okulirapo m'kati mwa zigongono ndi kuseri kwa mawondo, pamene alimi a fodya imakonda kuwagwira m'manja, mmene mumakhudza feteleza, mankhwala opopera kunazale ndi utomoni wa masamba pothyola ndi posoka. Nthendayi si yopatsirana, ndipo mankhwala ake alipo. Koma mbiri ya mankhwalawo ikuonetsa kuti mphamvu imene imachiza ndi yomweyo imene imaononga ikapitirira muyeso.

Kale madokotala analibe chida chodalirika. Ankapaka odwala phula la malasha, mafuta a zinc, ngakhalenso mafuta okhala ndi mercury, amene pambuyo pake anadziwika kuti amaononga impso ndi ubongo. Zinthu zinasintha mu 1948, pamene Dr Philip Hench wa ku Mayo Clinic m'dziko la America anabaya mayi wina wodwala nyamakazi mankhwala otchedwa cortisone. Mankhwalawa ndi ofanana ndi madzi amene thupi limapanga lokha m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo ntchito yake ndi kuziziritsa kutupa. Mayi amene sankatha kudzuka pabedi anayamba kuyenda patangopita masiku owerengeka. Mu 1950 Hench analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein.

Cortisone anakana kugwira ntchito akampaka pakhungu. Koma mu 1952 madokotala awiri a ku New York, Marion Sulzberger ndi Victor Witten, analengeza kuti mbale wake, hydrocortisone, amathetsa ziwengo akamusakaniza m'mafuta. Kuyambira pamenepo makampani anayamba kupikisana popanga mafuta amphamvu kuposa a anzawo, ndipo gulu lonse la mankhwalawa limatchedwa masteroid. M'zaka za m'ma 1960 kunabwera betamethasone, amene kampani ya Glaxo inagulitsa m'dzina la Betnovate, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kunabwera clobetasol, wodziwika kuti Dermovate, amene amaposa hydrocortisone mphamvu kambirimbiri.

Pali chinthu chimodzi cha nthawi imeneyo choyenera kuchisunga m'mutu. Mu 1962 akatswiri awiri, McKenzie ndi Stoughton, anapeza njira yoyezera mphamvu ya mafutawa: ankapaka pang'ono pamkono n'kuona mmene khungu layererera, popeza mankhwalawa amafinya timitsempha ta magazi. Kuyera kumene kunali chizindikiro cha ukali wa mankhwala m'nyumba yoyezera zinthu ndi kumene kunadzakopa anthu m'misika ya mu Africa.

Zovuta sizinachedwe kuonekera. Zaka za m'ma 1960 zisanathe, madokotala anali ataona kuti wopaka mafuta amphamvu kwa miyezi yambiri khungu lake limapyapyala, limachita mizere yosafufutika ngati ya pamimba pa mayi amene wabereka, limasupuka msanga, ndipo zilonda zimachedwa kupola. Kumaso kumabuka ziphuphu, ndipo mafuta opakidwa m'zikope angathe kukweza mphamvu ya madzi a m'diso kufikira kuononga kuona. Choopsa koposa chimachitikira makanda. Khungu lawo ndi lopyapyala, ndipo thewera limatsekera mankhwala, kotero kuti ambiri amalowa m'magazi. Mwana wotere nkhope imatupa, kukula kumachedwa, ndipo tiziwalo ta pamwamba pa impso tija timaleka kugwira bwino ntchito.

Mu 1968 madokotala a ku Britain, Ive ndi Marks, anafotokoza vuto lina limene likukhudza kwambiri midzi ya kuno. Mafutawa akapakidwa pa chipere, kuyabwa kumaleka ndipo mkombero wake umafufutika, koma tizilombo timapitiriza kufalikira mobisika, mwakuti ngakhale dokotala amavutika kuzindikira nthendayo. Zimachitikanso chimodzimodzi ndi mphere. Pa khate vuto lake ndi kuchedwa. Malawi analimbana ndi khate kwa zaka zambiri, m'zipatala monga za ku Mua ndi ku Utale, ndiponso kupyolera m'bungwe la LEPRA kuyambira m'zaka za m'ma 1960, mpaka mu 1994 chiwerengero cha odwala chinatsika kufika pamlingo umene bungwe la World Health Organization linaika. Nthendayo sinatheretu, ndipo imayamba ndi banga lotuwa losamva kukhudza. Wopaka banga lotero mafuta a pamsika amataya miyezi imene mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi ikanapulumutsidwa.

M'zaka zomwezo za m'ma 1970, pamene minda ikuluikulu ya fodya ya makampani monga Press Farming ndi General Farming inkafalikira m'chigwa cha Kasungu ndipo matenanti ankadza kuchokera m'maboma akutali, mafuta oyeretsa khungu monga Ambi anali otchuka m'maiko a kum'mwera kwa Africa, ndipo obwerera ku Joni ndi ku Harare ankabwera nawo ngati mphatso. Ambiri mwa mafuta a mtunduwo anali ndi mankhwala ena otchedwa hydroquinone. Mu 1975 Dr George Findlay ndi anzake ku Pretoria anaonetsa kuti mankhwalawa akapakidwa kwa zaka, masaya amada bii n'kuchita timibulu tosachiritsika. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Malamulo otere atafala, ogulitsa ambiri anatembenukira ku betamethasone ndi clobetasol, ndipo mankhwala a ziwengo anasanduka zodzikongoletsera. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dziko la India laonetsa kumene njira imeneyi imathera. Kumeneko machubu osakaniza steroid ndi mankhwala a chipere ndi a mafinya ankagulitsidwa mwachisawawa, ndipo kunabuka chipere chosamva mankhwala wamba, chimene mu 2020 chinapatsidwa dzina loti Trichophyton indotineae ndipo chafika kale m'maiko ena ambiri. Machubu osakaniza a mtundu umenewo amapezekanso m'misika ya kuno. Malawi anakhazikitsa bungwe la Pharmacy, Medicines and Poisons Board motsatira lamulo la 1988, ndipo lamulo la 2019 linaika m'malo mwake Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Komabe lamulo silingaime pambali pa wogula aliyense tsiku la msika.

Ngakhale mafuta ofewetsa khungu chabe ali ndi mbiri yawo. Mu 2013 boma la Britain linachenjeza kuti aqueous cream, amene anthu ambiri amadzola ana, angathe kuotcha khungu la ziwengo chifukwa muli sodium lauryl sulphate, mankhwala a mtundu wa sopo. Mu 2018 linachenjezanso kuti mafuta ofewetsa, monga okhala ndi parafini, akalowerera m'zovala ndi m'zofunda, nsaluyo imayaka msanga. Chenjezo limeneli likukhudza mayi wophika pamafuwa ndi bambo wosonkha moto pabalani usiku. Mu 2021 boma lomwelo linavomereza kuti ena amene apaka masteroid amphamvu tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, akaleka mwadzidzidzi khungu limafiira ndi kutentha koposa poyamba.

Zonsezi sizikutanthauza kuti mankhwalawa ndi oipa. Mwana wosiyidwa ndi ziwengo sagona, amakanda mpaka zilonda zichite mafinya, ndipo kusukulu amatsalira. Zaka zopitirira 70 zaphunzitsa madokotala muyeso wake. Kumaso, m'khwapa, m'mphechepeche ndi pa makanda amapereka hydrocortisone wofooka. Amphamvu amasungira khungu lokhuthala monga la m'manja, kwa masiku kapena masabata owerengeka. Mu 1991 madokotala a ku Cardiff anapereka muyeso wosavuta: mafuta ofinyidwa kuchokera kunsonga ya chala cha mkombaphala kufika pamzere woyamba amakwanira malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Mafuta ofewetsa opanda fungo ndiwo odzola tsiku lililonse, ndipo wogwira mankhwala a kumunda avale magolovesi.

Chofunika kuposa zonse ndi kudziwa nthenda asanatsegule chubu. Ziwengo, chipere, mphere ndi khate zimayamba mofanana m'maso mwa munthu wamba, koma mankhwala ake ndi osiyana. Wa ku Santhe ali ndi chipatala chaching'ono pafupi, ndipo chachikulu chili ku Kasungu boma. Omvera a m'maboma ena nawonso ali ndi zawo. Safunsa anadya phula.