Maphunziro a luso kwa abale athu olemala: zofunika kudziwa m'boma la Chongwe

Munthu akabadwa wolemala, kapena akalemala cifukwa ca ngozi ya pamsewu, sitroko kapena matenda ena, amafunabe kudya thukuta lake. Maphunziro a luso okonzedwa molingana ndi thupi lake ndiwo amamubweza pa nchito. Pano talemba mfundo zikuluzikulu kuti tidziwe poyambira.

Cimene lamulo linena

Mu 2010 dziko la Zambia linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala. Mu 2012 kunabwera lamulo la Persons with Disabilities Act, limene limaletsa kusala olemala pa maphunziro ndi pa nchito. Bungwe la ZAPD ndilo limalembetsa olemala ndi kuwapatsa makhadi.

Kumene maphunziro apezeka

Sukulu ya boma yodziwika pa nchito imeneyi ndi National Vocational Rehabilitation Centre ku Ndola. Kucokera ku Lusaka ndi mtunda wopitirira makilomita 300, ndipo kwa mai wa ana kapena mlimi wa cimanga n'kovuta kusiya nyumba miyezi yambiri. N'cifukwa cake masukulu wamba a luso, amene amayang'aniridwa ndi TEVETA, ayenera kulandira olemala pamodzi ndi ophunzira ena.

Maphunziro okomera onse amaoneka bwanji?

Nthawi imasinthidwa. Phunziro limagawidwa m'zigawo zazifupi, kuti amene wajomba cifukwa copita ku cipatala kapena kubzala mu Disembala apitirize pamene analekezera.

Zida zimasinthidwa. Telala amene miyendo yake siigwira nchito amasoka ndi makina opukusa ndi dzanja. Kalipentala wa pa njinga ya olemala amafuna thebulo lotsika ndi khomo lopanda masitepe.

Kaphunzitsidwe kamasinthidwa. Wogontha amafuna womasulira cinenero ca manja. Wosaona amafuna zilembo za Braille kapena phunziro lojambulidwa pa foni. Amene savutika ndi manja koma avutika ndi Cingelezi afotokozeredwe m'Cisoli kapena m'Cinyanja.

Mayeso nawonso amasinthidwa. TEVETA ili ndi njira yoyesera anthu amene anaphunzira luso pa nchito, ndipo akapambana amalandira satifiketi ngakhale sanakhale m'kalasi.

Ndalama

Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse, ndipo gawo lina limalipirira acinyamata maphunziro a luso. Mafomu amapita kudzera ku komiti ya citukuko ya mu wadi.

Mbali yathu

Ambiri amaphonya mwai umenewu cifukwa uthenga suwafika. Tiyeni tilengeze nthawi ya mafomu pa zidziwitso za pa Sondo, tiperekeze abale athu kukalembetsa, ndipo amisiri a mu mpingo atenge wophunzira mmodzi pa shopu yao. Tisanasankhire munthu luso, tiyambe tamufunsa iye mwini cimene afuna kuphunzira.