Damu, kugwa kwa madzi ndi matope pa Shire

M'masika, mvula ikangoleka, chigwa cha Shire pakati pa Matope ndi Chikwawa chimakopa maso. Udzu umayamba kufiirira, milambe imayoyola masamba, mtsinje uli thothotho. Woyang'ana amati magetsi sasowa poti madzi alipo, ndipo akaona khoma la simenti pa Nkula, Tedzani kapena Kapichira amalitcha damu, n'kumaganiza kuti ndi nkhokwe ya madzi. Pamenepa m'pomwe ambiri amasokera. Makoma amenewa sasunga madzi a miyezi yambiri ayi. Ntchito yake ndi kupatutsira mtsinje m'ngalande ndi m'mapaipi otsikira ku makina opukusa magetsi. Mainjiniya amawerengera zinthu ziwiri: madzi odutsa pa sekondi imodzi, ndi kutalika kwa pomwe madziwo akugwera. Kugwaku Shire ali nako kokwanira, chifukwa m'chigawo cha mathithichi amatsika mamita oposa 350, ndipo n'komwe kudachititsa kuti Nkula A amangidwe kumeneko mu 1966. Kugwako sikusintha. Chosintha ndi madzi odutsa, ndipo mamegawati amakwera ndi kutsika nawo.

Wina angatsutse kuti nkhokwe ilipo, ndiyo Nyanja ya Malawi, imene chitseko chake ndi Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, yomangidwa mu 1965. N'zoona ndithu. Koma chitsekocho chimangochepetsa kapena kuonjezera madzi omwe nyanja ikutulutsa kale. Nyanja ikaphwa kwambiri palibe chotsegulira, monga zidachitikira pakati pa 1915 ndi 1935 pomwe Shire adaleka kutuluka m'nyanjamo.

Ndiye pali matope, amene wokonda kuona malo saawerengera n'komwe. Madzi ofiira a mvula amanyamula dothi la m'mapiri odulidwa mitengo, n'kulisiya m'maiwe aang'ono a pa makoma aja, mpaka kampani yopanga magetsi ya EGENCO kuchita kukumba ndi makina. Namasupuni nayenso, ngakhale maluwa ake ndi okongola, amatseka zitsulo zosefera zinyalala polowera madzi, makina n'kuima. Madzi ochuluka si chitsimikizo cha magetsi: mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula khoma la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kukonza kwake kudatenga nthawi yoposa chaka.