NGONGOLE YA SIR WALTER SCOTT

M'mwezi wa January 1826, anthu a mumzinda wa Edinburgh ku Scotland anadzidzimuka kumva kuti Sir Walter Scott, mlembi wa Waverley ndi Ivanhoe, wagwa m'ngongole yoposa mapaundi 100,000.

Gwero la tsokali linali ubwenzi. Kuyambira 1805 Scott anali ndi gawo, mobisa, m'nyumba yosindikizira mabuku ya James Ballantyne, mnzake wa paubwana. Nyumbayi inkaimirana pa ngongole ndi ya Archibald Constable, wofalitsa mabuku a Scott. Wina akafuna ndalama ku banki, mnzake ankalemba dzina lake pa kalata, kulonjeza kuti adzabweza ndiye ngati mwini ngongole alephera. Malonda akuyenda bwino, kusainako kunkaoneka ngati mwambo chabe. Koma kumapeto kwa 1825 mabanki ambiri a ku England anagwa. Kampani ya Hurst, Robinson ya ku London, imene Constable ankaidalira, inagwa nayo n'kukokera Constable pansi, ndipo Constable anakokera Ballantyne.

Lamulo la masiku amenewo linalibe chisoni. Munthu wokhala ndi gawo m'malonda otere ankalipira ngongole yonse ndi chuma chake cha pakhomo. Scott akanatha kulengeza kuti walephera, eni ndalama agaŵane zimene apeza. Anakana. Abwenzi anadza ndi thandizo, iye anakananso. Anapangana ndi eni ndalamawo kuti phindu la zolemba zake lizipita kwa iwo.

Nyumba yake ya ku Castle Street inagulitsidwa. Ya ku Abbotsford inapulumuka, popeza mu 1825 anali ataikhazikitsa kukhala choloŵa cha mwana wake wamwamuna. Mkazi wake Charlotte anamwalira mu May 1826, koma cholembera sichinapume. Mu 1827 anatulutsa mbiri ya Napoleon m'mabuku asanu ndi anayi. Thupi silinapirire: mu 1830 anayamba kudwala nthenda yofa ziwalo, ndipo anamwalira pa 21 September 1832 ngongole isanathe. Inadzatha mu 1847, wofalitsa mabuku Robert Cadell atatenga umwini wotsala wa zolemba zake.

Mu 1855 Nyumba ya Malamulo ya Britain inalola kuti ngongole ya kampani isamafike pa katundu wa eni ake. Mabanki sanagone tulo. Mwini kampani yaing'ono akadza kudzakongola, amamuyalira kalata ina, yoti asaine m'dzina lake lenileni, nthaŵi zina n'kuika nyumba yake chikole.