Kapimidwe ka vuto la kuiwala mwa azimai amene anacira khansa ya m'mawere

Azimai ambiri amene anacira khansa ya m'mawere amadandaula kuti mutu wao sugwiranso nchito monga kale. Amaiwala maina a anthu, mau amawasowa ali mkati molankhula, ndipo masamu a ndalama amene anali kucita mosavuta amawatengera nthawi. Pa Cingerezi vutoli limachedwa chemo brain, cifukwa poyamba anthu anali kuganiza kuti limabwera ndi mankhwala a chemotherapy okha. Ofufuza anapeza kuti mwa ena limaonekera mankhwalawo asanayambe n'komwe.

Popeza vutoli silioneka ndi maso, madotolo amafunsa mwini wake. Pepala la mafunso lodziwika kwambiri ndi FACT-Cog, limene linakonzedwa ku United States ndi Lynne Wagner pamodzi ndi anzake. Lili ndi mafunso 37, ndipo onse afunsa za masiku 7 apitawo. Yankho lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 0 mpaka 4. Mafunsowa ali m'magawo 4: zimene mai aona kuti zamuvuta, zimene akhozabe kucita bwino, zimene anthu ena amuuza, ndi mmene zonsezi zasokonezera umoyo wake. Gawo la zonena za ena n'lofunika, pakuti nthawi zina mwamuna kapena ana ndiwo amayamba kuona kuti mai abwereza funso limodzi kawiri.

M'caka ca 2017, Michelle Janelsins ndi anzake a pa University of Rochester anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anagwiritsa nchito pepalali. Anafunsa odwala khansa ya m'mawere 581 ndi azimai 364 opanda matendawa. Atamaliza chemotherapy, odwala 45 mwa 100 alionse ananena kuti kaganizidwe kao katsika kwambiri, pamene mwa azimai opanda khansa anali 10 cabe. Patapita miyezi 6, odwala oposa 36 mwa 100 anali kudandaulabe.

Cimene cavutitsa akatswiri n'cakuti zonena za mai nthawi zambiri sizigwirizana ndi zotsatira za mayeso a ubongo. M'caka ca 2011, bungwe la International Cognition and Cancer Task Force linalangiza kuti ofufuza azigwiritsa nchito mayeso ofanana, monga kuloweza mndandanda wa mau ndi kulumikiza manambala ndi zilembo motsatana nthawi ili kuwerengedwa. Mai akhoza kupambana mayeso onsewa, koma n'kubwerera kunyumba kukapsereza ndiwo pamoto.

Izi sizitanthauza kuti anama. Mayeso amacitika m'cipinda cabata kwa nthawi yocepa, pamene pepala la mafunso lifunsa za sabata yathunthu ya phokoso, nchito ndi ana. Ndiponso mai amadziyerekeza ndi mmene analili asanadwale, koma dotolo amamuyerekeza ndi anthu ena a msinkhu wake. Ofufuza apezanso kuti madandaulo a kuiwala amayendera limodzi ndi nkhawa, kutopa ndi kusowa tulo.

Muno m'Zambia, khansa ya m'mawere ndi yaciwiri pakati pa azimai, kutsatira ya khomo la ciberekero, ndipo ambiri amalandira cithandizo ku Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, imene inatsegulidwa mu 2007. Mai amene aona kuti aiwala kwambiri ayenera kuuza dotolo popita kukapimidwanso, cifukwa kucepa kwa magazi, kusagona bwino ndi kuvutika maganizo kumabweretsa zizindikiro zofanana, ndipo zonsezi zili ndi cithandizo cake.