Ndani amayang'anira oimira boma pa milandu ya pa intaneti ku America?

Dziko la America lili ndi zigawo 94 za makhoti a boma lalikulu, ndipo zigawozi zimatsogoleredwa ndi akuluakulu oimira boma pa milandu okwana 93, poti mmodzi mwa iwo amagwira zigawo ziwiri. Aliyense amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, navomerezedwa ndi nyumba ya Senate, ndipo ali ndi mphamvu zambiri zosankha yekha mlandu woti upite kukhoti. Koma umbanda wa pa kompyuta sulemekeza malire a zigawo. Wakuba angakhale ku Ulaya, kompyuta yomwe wathyola ili ku Virginia, pomwe oberedwa ali mbalambanda m'zigawo makumi awiri. Ichi n'chifukwa chake unduna wa zachilungamo m'dzikolo udakhazikitsa nthambi yapadera mumzinda wa Washington yoti iziongolera maloya onse a boma ogwira milandu yotere.

Nthambiyi imatchedwa Computer Crime and Intellectual Property Section, mwachidule CCIPS. Idayamba m'chaka cha 1991 ngati kagulu ka maloya ochepa, ndipo mu 1996 idakwezedwa kukhala nthambi yoima payokha pansi pa gawo la undunawo loona milandu yaupandu. Ntchito zake ndi zamitundumitundu: imazenga yokha milandu ina ikuluikulu, imaphunzitsa maloya ndi apolisi kasungidwe ka umboni wopezeka m'mafoni ndi m'makompyuta, imalemba mabuku owatsogolera, komanso ili ndi akatswiri ofukula umboni m'zipangizo zomwe zalandidwa.

M'zigawo muli maloya omwe adaphunzitsidwa mwapadera, odziwika ndi dzina loti CHIP. Gulu lawo loyamba lidakhazikitsidwa mu 2000 kumpoto kwa California, dera lomwe kuli makampani ambiri a zamakompyuta, ndipo adaliyambitsa ndi Robert Mueller, yemwe pambuyo pake adakhala mkulu wa FBI. Mu 2001 nduna ya zachilungamo John Ashcroft idafalitsa dongosololi kumizinda ina. Chofunika kudziwa n'chakuti maloya amenewa bwana wawo ndi mkulu wa chigawo chawo, osati CCIPS. Nthambi ya ku Washington imalangiza, imafunsidwa ndipo ingathe kutsutsa, koma siyilemba kapena kuchotsa ntchito loya wa m'chigawo. Mkangano wonse wa kayang'aniridwe kawo wagona pamenepa.

Lamulo lomwe amagwiritsa ntchito kwambiri ndi Computer Fraud and Abuse Act la mu 1986, lomwe limaletsa kulowa mukompyuta popanda chilolezo kapena kupyola malire a chilolezo chomwe munthu wapatsidwa. Lidalembedwa intaneti isadafike m'makomo, ndipo mawu oti kupyola malire adasiya khomo lotseguka. Kwa zaka zambiri makhoti ankasiyana maganizo ngati wantchito wophwanya malamulo a kampani yake pa kompyuta, kapena munthu wonama pa tsamba la mchezo, ndi chigawenga choyenera ndende.

Nkhani yomwe idagwedeza undunawu ndi ya Aaron Swartz, katswiri wachinyamata wa zamakompyuta. Iye adagwiritsa ntchito intaneti ya sukulu yaukachenjede ya MIT kukopera zolemba za kafukufuku pafupifupi 4.8 miliyoni kuchokera m'nkhokwe ya JSTOR. Eni nkhokwewo atabwezeredwa zolembazo sadafune kupitiriza nkhaniyo, koma ofesi ya oimira boma ku Massachusetts, pansi pa Carmen Ortiz, idamuimba milandu inayi mu Julayi 2011, kenako n'kuichulukitsa kufika pa 13 mu Sepitembala 2012. Chikalata cha boma chidatchula zaka 35 monga chilango chomwe akadalandira, ngakhale kumbali ankamuuza kuti akavomera kulakwa akhala m'ndende miyezi yowerengeka chabe. Swartz adadzipha mu Januwale 2013 ali ndi zaka 26, mlandu usadayambe kuzengedwa. Aphungu a zipani zonse ziwiri adafunsa kuti adaunika ndani ganizo loopseza munthu ndi zaka zochuluka chotere pa nkhani yomwe wodandaula adaisiya.

Mu 2014 undunawu udatulutsa ndondomeko yoti loya aliyense wa boma afunse kaye CCIPS asadaimbe munthu mlandu pansi pa lamulo la 1986 lija. Kenako mu Juni 2021 khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo lidagamula mlandu wa Nathan Van Buren, wapolisi wa ku Georgia yemwe adalandira ndalama kuti afufuze nambala ya galimoto m'kompyuta ya polisi. Oweruza 6 mwa 9 adati ngakhale cholinga chake chidali choipa, iye adali ndi chilolezo cholowa m'nkhokwe imeneyo, choncho sadaphwanye lamulo limeneli.

Potsatira chigamulochi, mu Meyi 2022 ndondomeko ija idalembedwanso. Tsopano imati akatswiri oyesa chitetezo cha makompyuta ndi mtima wabwino, pofuna kuti zibowo zitsekedwe, asaimbidwe mlandu. Imatinso kukometsera mbiri yako pa tsamba lofunirapo chibwenzi, kapena kuona zotsatira za mpira uli pantchito, si zifukwa zokwanira zotengera munthu kukhoti. Mfundo yolemera kwambiri ndi yakuti loya wofuna kupitiriza mlandu womwe CCIPS yakana ayenera kudziwitsa wachiwiri kwa nduna ya zachilungamo, ndipo nthawi zina kupempha chilolezo chake. Apa m'pamene uphungu udayamba kukhala ndi mano.

Pa milandu ya umwini wa ntchito zaluso ndi zizindikiro za malonda, funso lomwe oyang'anira amafunsa ndi lina: kodi nkhaniyi ndi ya boma, kapena mwini nyimbo, filimu kapena mankhwala angadzisumire yekha? Kukopera kumasanduka mlandu waukulu ngati munthu wachita dala, ndipo m'masiku 180 wakopera kapena kufalitsa makope 10 kapena kuposera apo, a mtengo wopitirira madola 2,500. Malire amenewa ndi otsika kwambiri, moti boma litati lizitsata aliyense wowadutsa, makhoti angadzaze ndi ana a sukulu. N'chifukwa chake mphamvu zimaikidwa pa magulu opanga phindu lalikulu ndi pa katundu wachinyengo woika miyoyo pachiswe, monga mankhwala ndi zipangizo za asilikali. Pa kuba zinsinsi za kampani pofuna kupindulira boma lakunja, komwe lamulo la Economic Espionage Act la mu 1996 limaletsa, chingwe n'chothina koposa: mlandu sungayambe popanda chilolezo cha gawo la undunawu loona chitetezo cha dziko.

Mlandu wa Megaupload ukuonetsa kutalika kwa njira yake. Mu Januwale 2012 oimira boma ku Virginia, mogwirizana ndi CCIPS, adaimba mlandu Kim Dotcom ndi anzake ponena kuti tsamba lawo lidaluzitsa eni mafilimu ndi nyimbo ndalama zoposa madola 500 miliyoni. Dotcom adamangidwa ku New Zealand, ndipo padapita zaka 12 nduna ya zachilungamo ya dzikolo isadasaine, mu Ogasiti 2024, chikalata chomutumiza ku America. Milandu yotere imadalira mapangano a pakati pa maiko, monga la ku Budapest la mu 2001 lomwe America idalivomereza mu 2006, ndiponso maloya omwe undunawu umatumiza kunja kukaphunzitsa anzawo. Mu Africa ena akhala akugwirira ntchito ku Abuja ndi ku Addis Ababa.

Komabe ndondomeko si lamulo. Woimbidwa mlandu sangaimirire m'khoti n'kunena kuti amumasule chifukwa loya wa boma sadafunse ku Washington, ndipo utsogoleri watsopano wa undunawu ungaisinthe ndi kalata imodzi. Siyimanganso oimira boma a m'madera monga Texas kapena Missouri, omwe ali ndi malamulo awoawo a zamakompyuta, ngakhalenso makampani osumira anthu pa milandu ya chipukutamisozi. Loya wa boma akaganiziridwa kuti wachita zosayenera, monga kubisa umboni, amafufuzidwa ndi ofesi ina ya mu unduna womwewo yotchedwa Office of Professional Responsibility, yomwe idakhazikitsidwa mu 1975 pambuyo pa chipwirikiti cha Watergate. Otsutsa akhala akudandaula kuti zambiri zomwe ofesiyi imapeza sizifika kwa anthu, ndipo kwa zaka zingapo aphungu ena akhala akufuna kuti mphamvu zofufuza maloyawa zipatsidwe kwa mkulu wofufuza woima payekha wa undunawo.